Nkhuyu Zovundika za Alamu Anu

Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno ku Ulongwe. Tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chikuchepa.

Alamu anu andichititsanso manyazi. Mkuyu wathu uja utabereka, anathyola nkhuyu zonse zikadali zobiriwira, utomoni uli chuchuchu. Ndinawauza kuti nkhuyu imafewa ndi kutsekemera ili mumtengo, koma iwo amvekere, "Iyayi, ndizivundika ngati nthochi, ndikagulitse pamsewu." Munthu wamkulu ndi ndevu zake! Atamasula thumbalo anapeza nkhungu yokhayokha. Ngakhale mbuzi zinakana.

Tsopano akunola nkhwangwa, ati mtengowo ngwachabechabe, awotche makala. Chonde aimbireni msanga, inu amakuopani. Muwakumbutse kuti mkuyuwo anaupeza, ndipo pakhomo pano anabwera ndi chikwama chokha.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati