Foni yozima

Lolemba, 3 Marichi

Mwana wanga Kadona wabwera kusukulu ndi mawu a Chingerezi onena za chinyengo, tsamba lonse. Akuti wobera mayeso ali ndi dzina lake, wogulitsa katundu wabodza lake, wonamizira kukhala dokotala lakenso. Ndati Azunguwo ali ndi nthawi yotaya. Chamumtima: onsewo angowatcha dzina la bambo ake, basi.

Lachiwiri, 4 Marichi

Madiresi a akwaya sindinamalize kusoka, msana ukuwawa. Madzulo ndachitanso zija, foni pakhutu: "Eya bambo ake, kunjako ntchito ikuyenda? Kadona akupereka moni." Foni yozima. Munthu anasamukira kwa mkazi wina kuseri kwa msika konkuno, ine ndikumuika kunja kwa dziko. Ndikungofuna mwana alembe kaye mayeso mtima uli m'malo. Wolakwa ali phee, wabodza ndasanduka ine. Zikundinyansa.

Lachinayi, 6 Marichi

Aphunzitsi awo agawa mawu aja, aliyense amodzi, kuti achite kasewero anzake apeze kuti ndi mawu ati. Ndamufunsa kuti iye amupatsa ati.

"Onena za munthu wothandiza mnzake kubisa mlandu."

Poyankha amayang'ana makina osokera, osati ine.

Loweruka, 8 Marichi

Ndakumana naye B., bambo ake a Kadona, kogula ulusi. Wanenepa! Shati yake ndi ija ndinasoka ndi manja angawa. Akuti, "Mwana ali bwanji?" Ndikanamulavulira, koma panali anthu.

Lamlungu, 9 Marichi

Chitseko chakuchipinda chinali chosatseka bwino. Kadona wavala mpango wanga, burashi ya nsapato pakhutu, akuyendayenda. "Eya bambo ake, eya." Ndi kakuseka kanga komwe, ndi kukanda khosi kuja. 

Ndabwerera kumakina, ndasoka mkono wa diresi chozondoka.

Lolemba, 10 Marichi

Wabwera, waika chikwama pansi. Ndafunsa za sewero. Akuti kalasi yonse inapeza mawuwo msangamsanga, aphunzitsi mpaka kuwomba m'manja.

Nthawi ija itakwana ndinatenga foni, dzanja lazolowera. Kadona anandigwira pamkono.

"Amayi, musavutike. Njira yakusukulu imadutsa pakhomo pawo. Ndimawapeza akutsuka mano pakhonde."

Ndafunsa kuti chiyambire liti.

"Chiyambire temu yatha. Ndinkaopa kuti inuyo simukudziwa."