Mpata Umene Ndinausiya

Ohio
2 Disembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira bondo lija likupezako bwino. Kuno kwazizira koopsa, koma si za nyengo zimene ndikulembera.

Masewero athu a mpira wa Chimereka a Lamulungu lapitali munawaona. Amayi pafoni anati silinali vuto langa. Koma inu ndikudziwa kuti palibe chinakuphonyani.

Zaka zisanu ndi ziwiri ntchito yanga yakhala imodzi: kuima pakati pa mzere wotchinga, anthu awiri azilimbana nane, kuti mnzanga wa m'mbali apeze njira yokagwetsera woponya mpira wa timu inayo. Chaka chino mnzangayo ndi Tavian, mwana wadzuloli wa ku Georgia. Ine ndimasenza zimphona ziwiri zolemera ngati ng'ombe, iye n'kungodutsa, kugwetsa munthu, n'kumavinira makamera. Bwalo lonse lavala nambala yake. Ngakhale Lorraine, mkazi wanga weniweni, anandituma kuti ndikamusainitse malaya a mlongo wake.

Bambo, ndimamuchitira nsanje koopsa mwanayu. Chopweteka n'chakuti alibe mwano. Akagwetsa munthu amabwera kudzandigogoda chisoti: "Akulu, ameneyu ndi wanu, ine ndangomalizitsa." Koma m'nyuzipepala amalembamo dzina lake lokha.

Ndiye Lamulungu lija, itatsala mphindi imodzi, ife tikutsogola, ndinati nanenso ndimvekeko. Ndinasiya mpata wanga n'kuthamangira woponyayo. Iye anali atapatsira kale mpira mnzake, amene anadutsa pomwe ndinayenera kuima mpaka kukagoletsa, ife n'kugonja.

Lolemba akochi anabwereza kanema wa mphindi imeneyo kanayi, timu yonse ilipo. "Lucius, unkapita kuti? Kwanu ku Alabama?" Palibe anaseka. Tavian anakweza mkono n'kunena kuti ndi iyeyo anandisokoneza ndi chizindikiro. Linali bodza, ndipo linandiwawa kuposa funsolo.

Dzulo anandiitana ku ofesi, ati ndipite ndi buku la machenjerero a timu. Inu mukudziwa kuti wouzidwa kuti abwere ndi bukulo savalanso yunifolomu, ntchito yatha. Ndalibweza.

Moni kwa amayi. Muwauze pang'onopang'ono, ndipo Lamulungu likudzali asavutike kuphikira anthu a kutchalitchi odzaonera mpira. Moni kwa mlongo wanga Odessa ndi ana. Inu muonere nokha, mudzandiuze ngati Tavian wagwetsa munthu ine kulibe. Ndikudziwa chimene munandilera kuti ndizimufunira, Bambo, koma si chimene ndikupempherera.

Ndine mwana wanu,
Lucius