Timapepala ta kuseri kwa chitseko

Lolemba, 3 Julayi
Chisanu. Malalanje ozizira ngati miyala. Ogula zipatso zathu atumiza chipepala chochenjeza za kugulitsa anthu, akuti shedi iliyonse yolongedzera zipatso ichimate. M'munsi mwake timapepala khumi tong'amba, kalikonse ndi nambala ya foni. A Scarfo, eni shedi, akuti ndimate kumene alendo sangaone. Malangizo akuti pamalo poti munthu awerenge ali yekha. Koyamba abwana kugwirizana ndi malangizo. Ndamata kuseri kwa chitseko cha chimbudzi cha amayi.

Lachitatu, 5 Julayi
Kamodzi kang'ambidwa. Olongedza athu ndi amayi asanu ndi anayi a ku Vanuatu. Amabwera ndi bambo wina, Wade, pa minibasi yoyera. Ntchito amawapezera ndi iye, nyumba ndi iye, mafunso amawayankhiranso ndi iye. Ndinafunsa Leisale, wovala baji ya nambala 14, ngati kwawo kumazizira chonchi. Anayang'ana kaye kukhomo, kenako ku jekete yanga yolowera m'chipinda chozizira, imene imakhala pa msomali pafupi ndi chimbudzi. "Mayi, jekete yanuyo ili ndi matumba abwino." Basi.

Lachisanu, 7 Julayi
Tinayi tapita. Ndiye kuti alipo akuimba foni. Abwera oyenera kudzawathandiza. Ine yanga ndinagwira, tepi ndinamata mowongoka. Amayi aja asiya nyimbo zawo za kutchalitchi. Akumveka ndi lamba wa makina woyendetsa malalanje yekha.

Lachiwiri, 11 Julayi
Baji ya Leisale yavalidwa ndi mayi wina. Wamfupi, wa chipsera pachibwano. Ndamuitana dzina la Leisale, watembenuka mochedwa. Wade waseka: "Maso akutha, Noreen, kagule magalasi. Ndi yemweyo." A Scarfo akuti manja akakwana pa lamba, nkhope sizikutikhudza.

Lachinayi, 13 Julayi
Katsala kamodzi. Palibe wabwera. M'mawa ndaona Wade akutolera mafoni a amayi aja m'chibekete cha ayisikirimu n'kuwatsekera m'minibasi. Chaka chachiwiri ndikuona zimenezi. Amati n'chifukwa cha makina. Nanga nambala ija akuimba ndi chiyani? Payi yanga ya nkhomaliro ndampatsa galu.

Lachisanu, 14 Julayi
Ndinatumidwa m'chipinda chozizira. Ndavala jekete, ndapisa dzanja m'thumba. Timapepala tisanu ndi tinayi. Kuseri kwa kalikonse nambala ya baji, yolembedwa ndi pensulo yolembera makatoni. Ka 14 pansi penipeni, kopindidwa bwinobwino. Masiku asanu ndi anayi kali m'jekete pa msomali, ine ndikudikira oyenera.

Ndaimba nambala ija. Andiuza ndidikire pang'ono, ndiye ndikulemba foni ili kukhutu. Lamba akuyenda koma palibe akulongedza, malalanje akugwera pansi. Onse akundiyang'ana pagalasi la ofesi, ngakhale wa chipsera uja. Wade amabwera kudzawatenga 4 koloko. Ino ndi 11. Minibasi yalowa pageti ndipo