Timbale ta Madzi Pawindo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tilipo, kupatula chimfine chomwe chikuyenda khomo ndi khomo.

Uthenga wanu ndaumva. Mukuti mwana wanu ndimuchotse m'nyumba mwanga akapanda kusiya za chipembedzo cha Chibuda, poti amayi oyandikana nafe, atelala aja, anakuimbirani foni kuti akumaika mankhwala pawindo. Musanagamule, imvani zomwe ndaona.

N'zoona, m'mawa uliwonse amandandalika timbale ta madzi pawindo la chipinda chake, n'kukhala phee. Ine mukundidziwa, sindiyendera mphekesera. Tsiku lina iye ali ku koleji ndinatapako madziwo m'kabotolo n'kukawayeza ku labu kuntchito kwathu. Achimwene, ndi madzi apampopi! Anzanga anaseka mpaka misozi, ati kodi tsopano ufiti tiziupima ndi makina?

Nditamuuza, nayenso anaseka, nati ndachita bwino. Akuti aphunzitsi awo a Chibuda amanena kuti kukhulupirira si kutsinzina: chiphunzitso uyambe wachiyesa pa moyo wako, ukaona kuti chikugwira, ndiye uchidalire.

Ndinafunsa kuti nanga madziwo ndi achiyani. Anati ndi chopereka chomwe wolemera ndi wosauka amapereka mofanana, popanda wodzitama kapena wowinya. Anatinso mtima uli ngati madzi ovunduka. Chikhulupiriro chimaukhazika, matope n'kutsika pansi, ndipo munthu wodekha savundula anzake. Akuti mtendere wa anthu ambiri umayambira pamenepo.

Mabuku awo ndawerengako. Zina zikumveka. Za kubadwanso munthu akamwalira sizinandilowe, ndipo ndinamuuza maso ndi maso. Sanakwiye.

Koma chomwe chandidabwitsa n'ichi. Lilime lake mukulidziwa, anatengera inu. Atelala atamutcha mfiti pamasitepe anthu akumva, ndinati lero kugwa chinthu. Iye anangowapatsa moni, n'kuwapempha kuti mawa lake adzaone okha akutunga. Anabweradi, manja m'chiuno, chidwi chitawakoka. Anaonerera mpaka kambale komaliza, kenaka anafunsa kuti madziwo amatha bwanji. Mwana anati madzulo amangowathira panja. Atelala anati kumeneko n'kuwononga, pomwe maluwa awo akufota m'zitini pakhonde.

Tsopano dzuwa likapendeka amabwera okha ndi zitini zawo kudzatenga madziwo, nkhani zili pakamwa.

Kaya ndi chikhulupiriro, kaya ndi kukula chabe, makina athu sangayeze. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pamasitepe pano padali nkhondo, lero palibe.

Choncho mundikhululukire, achimwene, mwanayu sindimuchotsa. Pempho langa n'limodzi: bwerani mudzaone nokha, monga anachitira atelala. Mukadzapeza choipa, chikwama chake ndidzanyamula ndine. Iye amafunsa za inu tsiku ndi tsiku, koma akuopa kukuimbirani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, mwendowo ulimbe msanga poti masitepe athu ndi ambiri.

Atelala nawonso akupereka moni. Ati foni ija muyiiwale, maluwa awo aphukira.

Ndine mlongo wanu,
Woyeza madzi uja