Fulati ya Anthu Anayi

Swords, Dublin
14 Julayi 2025

Okondedwa achemwali anga a Eliza,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija linasiya kukuvutitsani. Ine kuno m'thupi ndili bwino. Mudabwa kuona dzanja langa pa envelopu, pakuti papita zaka zitatu ndi miyezi khumi ndi umodzi chilankhulirane ife awiri, kupatula moni wa Khirisimasi wa pa gulu la banja la pa foni, umene sindiuwerengera. Ndasankha cholembera chifukwa mawu a pa foni anthu amawatsegula pagulu, ndipo zimene ndikufuna kunena si za pagulu.

Zithunzi za holide yathu munaziona, poti mwana wanga Prudence anazitumiza pa gulu lija. Zinali 41. Ine ndikuoneka m'zitatu, ndipo m'ziwiri mwa izo ndanyamula matawulo. Ndinaona alongo athu a Greenwell atalemba kuti, "Agogo akudyerera thukuta la ana," anthu n'kumaseka. Ndikufuna ndikufotokozereni sabata imeneyo mwadongosolo, monga mmene inayendera, kenaka ndikupempheni chinthu chimodzi.

Malowo ali m'mbali mwa nyanja yamchere, kumwera kwa Dublin, cha ku Wexford. Pa galimoto tinayenda maola awiri ndi mphindi khumi. Si hotela ayi. Ndi nyumba zosanja zitatu zogawidwa m'mafulati 48, ndipo eni ake sagulitsa nyumba koma sabata. Ukagula, sabata imodzi yomweyo chaka chilichonse fulatiyo imakhala yako, masabata 51 otsalawo mumagona anthu ena amene sudzawaona ndi nkhope yomwe. Akamwini anga a Douglas anamva za malowa kwa mnzawo wa ku ntchito, ku bwalo la ndege. Anatilola kukhalamo sabata yoyeserera pa mtengo wotsika, bola Lachinayi tikakhale pansi kumvetsera wogulitsa.

Tinapita asanu: Prudence, a Douglas, Tiyezge amene tsopano ali ndi zaka 11, Joy wa zaka zisanu, ndi ine. Fulati imene anatipatsa inali ya anthu asanu ndi mmodzi. Kuseri kwa chitseko cha khitchini anamata pepala la katundu yense wa m'nyumbamo, kuyambira mbale mpaka chotsegulira mabotolo. Mukundidziwa. Ndisanavule ndi jekete yomwe ndinayamba kuwerenga, ndipo ndinapeza kuti supuni imodzi ya tiyi ikusowa. Ndinatsika kukanena ku ofesi kuti pochoka asadzati taba ndife. Nditabwerako a Douglas anati, "Amayi, kuno tabwera kudzapuma, si mayeso a Sitandade 8." Tonse tinaseka. Tsiku limenelo ndinaseka ndi mtima wonse, ndikuvomera.

Za nyanjayo palibe zambiri zonena. Kuchoka pa khomo kufika pa mchenga pali masitepe 112. Madzi ake ndi ozizira moti ndinaviikamo phazi limodzi Lamlungu, sindinabwerezenso. Mvula inagwa masiku anayi mwa asanu ndi awiri. Azungu amasambira momwemo, nkhalamba zinzanga zomwe, kutuluka milomo ili bii, n'kumauzana kuti lero madzi ali bwino. Ntchito yanga inali yomwe ija ya ku Swords: kudzutsa ana, kuwadyetsa, kuwaperekeza ku dziwe losambiramo la m'kati mwa nyumba, n'kukhala pa benchi ndi matawulo. Prudence ankagona mpaka 10 koloko, ndipo sindimunena, chifukwa unamwino wa kuno umamaliza munthu. Chakumadzulo iye ndi amuna ake ankatsika kukayenda pa mchenga awiriwiri. Ndinkawaonera pa zenera, mtima uli mbee.

Lachinayi tinapangana kuti ine nditenge ana ku dziwe, makolo apite ku msonkhano wawo. Koma m'mawa umenewo dziwe analitseka kuti alitsuke, kunja mvula, basi tinapita tonse. Akanapanda kulitseka, bwenzi mpaka lero ndisakudziwa kanthu.

Wogulitsayo anali mayi wansangala, dzina lake Orla. Ana anawapatsa mabisiketi ndi mapepala ojambulapo n'kuwalowetsa kuchipinda, ine anandikhazika pa mpando wofewa pafupi ndi zenera. Anationetsa mafulati awiri. Ina inali yofanana ndi imene tinkagonamo, ina yaing'ono: bedi lalikulu limodzi, ang'onoang'ono awiri, mipando inayi pa tebulo. Pangano lake ndi la zaka 20, sabata yomweyo ya mu Julayi. Ndinawonkhetsa mumtima kuti pofika kumapeto ndidzakhala ndi zaka 91, ndipo ndinamwetulira ndekha poganiza za amene azidzandinyamula pa masitepe aja.

Kenaka Orla anatiloza ndi cholembera mmodzimmodzi. Anati, m'Chingerezi, "Ndi agogo mulipo asanu, ndiye yaing'onoyi siyikukwanani. Malamulo athu salola kupyola chiwerengero."

A Douglas anayankha mosavutika, ngati munthu amene wafunsidwa nthawi. "Ya anayi itikwana. Agogo akubwerera kwawo mu Seputembala, Joy akayamba sukulu."

Achemwali, ndinaphunzitsa zaka 33, zisanu ndi zinayi mwa izo ngati mphunzitsi wamkulu. Chingerezi ndimachimva. Ndinayang'ana Prudence kuti awongole mawu a amuna ake. Iye maso anali pa pepala, chala chikuyenda pa mzere umodzi womwewo. Orla anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Ndiye mwalisowa dzuwa la kwanu, eti?" Ndinati, "Kwambiri." Ndinayankha ndi mawu aja ndinkalankhulira pa asembule.

Atagwirizana, panafunika mboni yosaina. Mnzake wa Orla anali atatuluka, ndiye iye anati, "Agogo angathe kutithandiza." Anandipatsa masamba 11 ndi cholembera. Ndinavala magalasi n'kuwerenga onsewo, mzere ndi mzere, kwa mphindi 25, a Douglas akungogwedeza mwendo. Pa tsamba lachiwiri panali mayina anayi, onse olembedwa molondola. Ndinasaina. Pa mzere wa keyala ya mboni dzanja linaima pang'ono, kenaka ndinalemba ya ku Swords, poti ina ndilibe.

Lachisanu linadutsa. Loweruka m'mawa, a Douglas atatsika ndi ana kukalongedza m'galimoto, ine ndi Prudence tinatsala m'khitchini. Ine ndinali kuona ziwiya ndi pepala lija, iye akupukuta tebulo loyera kale.

"Amayi, mwakwiya," anatero.

"Ndikuwerenga makapu."

"Timafuna tikuuzeni bwinobwino tikafika kunyumba. Douglas pakamwa pake mumapadziwa."

"Munagwirizana liti?"

"Si kuti tinagwirizana, timangokambirana chabe."

"Prudence, ndafunsa mwezi."

"Malichi."

Malichi, achemwali. Mu Epulo mwana yemweyu anandiperekeza ku sitolo kukagula chikhoti cha nyengo yozizira chimene anali atatsitsa mtengo. Ndinachiyesa pa galasi, iye n'kumandikonza kolala, amvekere, "Chikukukhalani Amayi, chimenechi muvala zaka zisanu." Ndinamukumbutsa zimenezo. Anati sanafune kundiwonongera tsiku.

Ndinati, "Nanga chilolezo changa chokhalira kuno? Chaka chilichonse pofika Juni mumakhala mutatenga pasipoti yanga kukakonza mapepala. Chaka chino ine ndimati mwangotanganidwa."

"Mapepala aja amavuta Amayi, inu simudziwa. Tiyezgenso wakula, akufunika chipinda chakechake. Komanso si inu nomwe mumadandaula tsiku ndi tsiku kuti kuno kukuzizira, kulibe wocheza naye, tchalitchi chake n'cha ola limodzi?"

"Kudandaula ndimadandaula. Koma ndikafikira kuti?"

"Abale alipo. Amayi aakulu a ku Namadzi alipo," anatero, kunena inuyo.

"Nyumba yanga ya ku Matawale munati ndigulitse ndinu."

"Sitinakukakamizeni."

Pamenepo ananena zoona, ndipo mpamene panawawa. Palibe anandigwira dzanja. Ndinamaliza makapu, anakwana. Ndinakapereka makiyi onse awiri ku ofesi, tinanyamuka 10 koloko itangokwana. M'galimoto Joy anafunsa ngati chaka chamawa agogo angadzagone pa bedi la pafupi ndi zenera, poti amakonda kuona nyanja. Anafunsa kawiri. Bambo ake anakweza wailesi.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Ndime inoyi ndaiyamba katatu pa pepala lina.

Mukukumbuka tsiku limene ndinaitana abale pa khonde la ku Matawale kudzawauza kuti ndikugulitsa nyumba, ndikupita kukalera adzukulu. Panali anthu 14. Inu munandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Agatha, kukalera pita, koma nyumba usagulitse. Ikamo munthu wa lendi. Nyumba ya mwana wokwatiwa ili ndi mwini wake." Ine ndinayankha mokweza, kuti onse amve, "Mukutero chifukwa simunabereke, za ana simuzidziwa." Munatenga chikwama chanu n'kukakwera minibasi osadya. Pa anthu onse aja palibe anandidzudzula, ndipo ine ndinaona ngati ndapambana.

Ndalama za nyumbayo ndinauza a Greenwell kuti zili ku banki, ndipo ndikudziwa kuti anakuuzani choncho. Ku banki kulibe kanthu. Zinalowa m'makoma a nyumba ino ya ku Swords, imene chipinda chake chaching'ono akuchifuna Tiyezge. Ndinapereka ndekha, mokondwa, popanda pepala lililonse, ine amene ndimasunga ndi malisiti a buledi omwe.

Mawu amene ndinakunenani aja anali oipa tsiku lomwelo. Sanaipe lero chifukwa choti ndasowa pogona. Ndinadziwa zimenezo ndisanakwere ndi ndege yomwe pa Chileka. Ndinkangoti ndilemba mwezi wamawa, ndipo miyezi yamawayo yakwana 47. Ndikudziwa mmene kupepesa kumaonekera kukabwera mu envelopu imodzi ndi pempho. Ndinaganiza zotumiza makalata awiri, yopepesa lero, yopempha pakatha masabata awiri, koma chimenecho chikanakhala chinyengo, ndipo inu mukanachizindikira. Ndinalakwa, achemwali. Pepani.

Pempho langa ndi ili. Kuseri kwa nyumba yanu kuli kachipinda kaja mumasungamo matumba a chimanga. Mmene ndikukakumbukira, bedi limodzi ndi tebulo laling'ono zingakwanemo, bola chitseko chizitsegukira kunja. Katundu sindibwera naye wambiri. Ndege imalola zikwama ziwiri, chilichonse makilogalamu 23. Dzulo ndinayeza zanga zonse pa sikelo ya ku bafa, zinakwana makilogalamu 52, ndiye chikhoti chija ndi mabuku ena zitsala kuno. Penshoni yanga ikadalowa, chakudya sindidzakulemetsani. Kuchapa ndi kuphika ndikadatha, ndipo ndaphunzira kukhala m'nyumba ya eni ake osamveka phokoso. Joy ayamba sukulu pa 1 Seputembala, chilolezo changa chitha pa 19. Kuchokera lero ndi masiku 67.

Prudence musamunene kwa anthu. Ndi mwana wanga. Chibwerere kuno wakhala akundiphikira tiyi m'mawa, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezi, ndipo ine ndimamwa. Anthu akadzafunsa ndidzanena kuti ndabwerera mwa kufuna kwanga, kuzizira kunandikana. Zoona zake mukuzidziwa ndinu nokha.

Yankho musatumize pa gulu lija kapena pa foni ya Prudence. Imbani nambala yanga pakati pa 9 ndi 12 koloko m'mawa, nthawi imene makolo amakhala ali ku ntchito. Ngati yankho lanu ndi ayi, musavutike kufunafuna mawu ofewa. Ine sindinakufunireni mawu otero tsiku lija.

Mundiperekere moni kwa a Greenwell ndi alamu, muwauze kuti holide inayenda bwino. Moni kwa amayi a kwaya amene akadandikumbukira. Tiyezge akupereka moni. Joy sakudziwani, ndipo mlandu ndi wanga, chifukwa sindinamuonetsepo chithunzi chanu. Ndamuonetsa m'mawa uno ndikumuluka tsitsi. Anafunsa kuti ndi ndani. Ndinati ndi mkulu wanga, amene anasiya sukulu ali Sitandade 5 amayi athu atamwalira, kuti ine ndipitirize. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa m'Chingerezi chake chija kuti, "Nanga ana awo ali kuti?" Ndinamaliza mzere umene ndinkaluka. Ndinamuuza kuti muli naye mmodzi, wazaka 71, wamwano.

Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Agatha