Mlamu Wandibuloka Chifukwa cha Suti Yotuwa

Aphungu,

Ine amene ndasayina m'munsimu, mwini digiri ya zamalonda yomwe ndinalandira masanasana anthu akuona, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu koma mtima ukuwira. Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, wandibuloka pa Fesibuku. Wachita zimenezi popanda chenjezo, popanda kuyitanitsa mkumano wa banja, popanda kumva mbali yanga. Ngakhale wakuba nkhuku amayamba wafunsidwa. Ine ndangodzuka m'mawa, kufufuza dzina lake, foni n'kundiuza kuti munthu ameneyu kulibe. Kulibe bwanji, munthu amene amadya kunyumba kwanga Lamlungu lililonse mpaka kupempha ndiwo zowonjezera?

Ndiyambe ndi kudzifotokoza. Nditamaliza sukulu, ntchito inandizemba ngati ndinaipalamula, ndiye ndinatsegula bizinesi yobwereketsa masuti. Kachipinda kanga kali pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Muli waya wopachikapo zovala, simbi, galasi lalitali losweka pakona, ndi katani yomwe munthu amabisalako poyesa thalauza. Suti iliyonse ndinaipatsa dzina. Yakuda ndi Loya. Yabuluu ndi Mkwati. Koma imene imadyetsa ana anga ndi yotuwa, dzina lake Bwanamkubwa. Imeneyo ngakhale mutaiveka munthu amene wagona ndi njala, alonda a pageti amamuchitira sawasha.

Makasitomala anga ali ndi timakhalidwe tawo. Ambiri salowera kumsewu, amazungulira kuseri kumene wometa amatayirako madzi. Akapeza munthu wina m'shopu, amayamba kufunsa ngati ndimagulitsa mabatani mpaka winayo atuluke. Potenga suti amapempha kuti ndiwaikire m'thumba la kochapitsa zovala, lija la pulasitiki yoonekera, lokhala ndi kapepala pakhosi. Ndinagula matumba otere ambirimbiri. Sindinafunsepo chifukwa chake, ndinkangoti anthu amaopa fumbi.

Bizinesi inkayenda, koma mwakachetechete ngati maliro a mbala. Kenako ndinapeza mphunzitsi wina pa intaneti, wa mano oyera mbee, amene amalankhula atatsamira galimoto lonyezimira. Iye anati: "Bizinesi yosaoneka ndi mtembo. Onetsani makasitomala anu enieni. Matani mayina awo pa zithunzi. Akakhala pa chisangalalo, lowani nawo m'macheza, dziko lidziwe kuti inu munaikapo dzanja." Aphungu, mawu amenewa anandikumbutsa zonse zimene ndinaphunzira ku yunivesite. Ndinatsegula tsamba la shopu yanga, Tchenani Nonse, n'kuyamba kulumikizana ndi anthu monga mwa chiphunzitso.

Tsono mlamu wangayo, amene amagwira ntchito yonyamula makalata mu ofesi ina, wapeza mbeta. Mtsikanayo ndi namwino, bambo ake ndi mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, munthu woyang'ana nsapato asanayang'ane nkhope. Tsiku lokaonekera kwa makolowo, mlamu anabwera kuseri monga mwa masiku onse. "Alamu, ndipatseni Bwanamkubwa, lero ndi lero," anatero. Ndinamupindira miyendo ya thalauza chifukwa ndi wamfupi, ndinamumangira tayi, ndinamuthira ndi mafuta anga onunkhira. Sanalipire, ndipo sindikudandaula zimenezo, chibale ndi fupa.

Madzulo ake anaika chithunzi pa Fesibuku. Waima pakati pa namwino ndi apongozi ake, dzanja m'thumba, pansi walemba kuti: "Mulungu akadalitsa munthu, zimaonekera ndi pathupi pomwe." Ndemanga zinali mbwee. Wina akuti bwana, wina akuti mwatiimirira. Ine ndinaona mwayi umene mphunzitsi uja ankanena. Ndinalemba mwaulemu kuti: "Zikomo alamu posankha Tchenani Nonse. Suti imeneyi imapezeka Lolemba mpaka Loweruka. Chonde ibwere mawa m'mawa, pali wina akukafunsira nayo ntchito."

Kodi pamenepa pali chitonzo? Ndinathokoza, ndinatsatsa, ndinakumbutsa. Ku yunivesite akanandipatsa mphoto.

Poona kuti anthu ayamba kuseka ndi kugawana ndemanga yanga, ndinadziwa kuti chitsulo chatentha, ndiyenera kusula. Ndinafufuza pa masamba a makasitomala anga n'kupeza zithunzi zina za Bwanamkubwa. China atavala mkwati wa mwezi watha. China atavala mkulu wa mpingo pa tsiku lomudzoza. China atavala bambo wina akutuluka m'khoti atawina mlandu wa mbuzi. Ndinazilumikiza pamodzi ndi cha mlamu, ndinamata dzina la aliyense pachifuwa pake, n'kulemba pamwamba kuti: "Suti imodzi, maloto ambiri."

Aphungu, foni inatentha. Chibadwire sindinaonepo malayiki otere. Anthu a m'mayiko amene sindingathe kuwatchula anagawana chithunzicho. Wina anajambula mzere wofiira kuzungulira kadontho ka inki kamene kali pathumba la jekete, kusonyeza kuti ndi imodzimodzidi. Mkazi wa mkwati uja analemba kuti iye anauzidwa kuti sutiyo inachokera kunja pa ndege. A mumpingo anayamba kufunsana kuti nanga chopereka chogulira mkulu wawo suti chinapita kuti. Kenako namwino mwini wake anafika, n'kulemba mawu ochepa okha pansi pa nkhope ya mlamu: "Nanga nsapatozo ndi zanu?"

Zinali zanga, koma ndinadzigwira, sindinayankhe. Muone kukhwima kwanga pamenepo.

M'mawa mwake mlamu sanabwere mwini wake. Anatumiza sutiyo kudzera kwa wometa, itakwinyika ngati anagona nayo m'ngalande. Nditamuyimbira anangoti: "Alamu, mwandivula pamsika. Apongozi andifunsa ngati dzina langa lili langa kapena nalonso ndinabwereka." Nditamufotokozera kuti chithunzi chake chafikira anthu ochuluka kuposa amene adzabwere pa ukwati wake, anadula foni. Ukwatiwo akuti auimika kaye.

Kunyumba nakonso kulibe mtendere. Mkazi wanga anandifunsa kuti: "Bambo a mwana, kodi digiri yanuyo inabwera ndi nzeru, kapena anangokupatsani chipewa chija basi?" Tsopano amandiikira chakudya patebulo ngati akuikira mlendo wobwera kudzalengeza za msonkho.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Chiyambire kutchuka kwanga, palibe munthu walowa m'shopu. Khomo la kuseri lamera kangaude. Masuti ali ndondondo pa waya ngati mboni zodikira woweruza. Amene anali ndi masuti anga anabweza onse kudzera kwa wokonza mafoni, wina anachita kuponyera pawindo. Nyengo ya maukwati yayandikira, ndipo ikandidutsa chonchi nditseka. Wometa akandiona amaseka: "Achimwene otchuka! Mwatchuka ngati chimfine, aliyense akukudziwani, palibe akukufunani."

Ndiye ndithandizeni. Ndichite chiyani kuti malayiki amenewa asanduke anthu olowa pakhomo? Ndipo pa nkhani ya mlamu, ndikufuna chipepeso chifukwa chondinyozetsa pamaso pa onditsatira. Andichotse pa buloko. Ajambule kanema atavala Bwanamkubwa, akuthokoza shopu yanga pomuonetsa kudziko. Ukwati ukachitika, mwana woyamba adzatchedwe Tchenani. Ukapanda kuchitika, popeza adzakhala ndi nthawi yambiri, aziima pakhomo la shopu Loweruka lililonse atavala suti, osagwedezeka, m'malo mwa chidole choonetsera zovala chimene ndakhala ndikufuna kugula.

Ine wolakwiridwa,
D.W.K., pakati pa wometa ndi wokonza mafoni

*

Bambo wa masuti,

Ndawerenga kalata yanu kawiri, kachiwiriko nditakhala pansi. Pepani ndi buloko. Koma kunena zoona mlamu wanu ndi munthu wa mtima wabwino, ena akanabwera ndi simbi yanu yomweyo ili yamoto.

Mwakhala mu bizinesi imeneyi nthawi yonseyi osadziwa chimene mumagulitsa. Inu mukuti mumabwereketsa masuti. Ayi. Mumabwereketsa ulemu wa tsiku limodzi, ndipo ulemu umenewo umagwira ntchito pokhapokha anthu akukhulupirira kuti ndi wa mwini wake. Munthu wolowera kuseri, wofunsa mabatani amene sakuwafuna, wopempha thumba la kochapitsa, ankakuuzani mokweza kuti "ndisungireni chinsinsi". Inu munamva kuti fumbi. Wophika makeke akamata dzina la kasitomala pa chithunzi, kasitomalayo amanyada. Inu mukamata, mwamuvula. Malangizo a mphunzitsi wanu wa mano oyera si abodza, koma si a bizinesi iliyonse. Ndipo mumufunse ngati mwini galimoto limene amatsamiralo amalembapo ndemanga pansi pa makanema ake.

Munalira mvula, mwalira ndi matope omwe. Malayiki aja sanali makasitomala, anali anthu oonerera ngozi. Woonerera ngozi sakwera galimoto limene lagubuduzikalo.

Choyamba, fufutani chithunzi chija lero, pamodzi ndi ndemanga yanu ya "ibwere mawa". Ndikudziwa kuti zikupwetekani ngati kuzula dzino labwino. Zulani.

Mukatero siyani foni kunyumba, muyende ndi miyendo yanu kukapepesa. Mkwati uja, mkulu wa mpingo, bambo wa mbuzi, aliyense payekha, pamalo opanda anthu. Musatenge digiri, musafotokoze za kuchuluka kwa amene anaona. Mungonena kuti ndinalakwa. Ena akutukwanani. Imani mumve, ndi malipiro ake.

Kwa mlamu mupite ndi mkazi wanu, ndipo munyamule Bwanamkubwa. Muichape, muisite, mufupikitse miyendo ya thalauza ndi ulusi weniweni, mumupatse ikhale yake. Musalire. Suti imeneyo yatha kale ntchito, kadontho kake ka inki kakudziwika kuposa nkhope yanu, palibe adzaibwerekenso. Koma mlamu akadzaimanso pamaso pa apongozi n'kufunsidwa kuti kodi iyi ndi yanu, adzayankha kuti inde mosaphethira. Nsapato zija muperekenso. Zoti ukwati uchitika kapena ayi zili kwa namwino, ndipo mkazi wofunsa funso lakuthwa chonchija sindikumudera nkhawa.

Tsopano za tsamba lanu. Musalitseke, lisintheni. Jambulani masuti ali pa hang'ala, pamalo owala, kapena muvale nokha, popeza nkhope yanu ilibenso choti itaye. Lembani masayizi ndi mitengo momveka kuti munthu asachite kufunsa pagulu. Ikani nambala ya Watsapu, ndipo wofunsa mumuyankhe msanga, kumbali. Phunzitsani anthu kumanga tayi, kusankha jekete yokwana mapewa, kuchotsa banga pa kolala. Zoterezi munthu amagawana ndi anzake popanda kudziulula. Pamwamba pa tsambalo mulembe lonjezo limodzi, ndipo mulisunge: kuno sitijambula kasitomala, sititchula dzina, tikakumana pa ukwati sitikudziwani.

Kulumikizana kumene mukukufunako kulipo, koma mwakhala mukugogoda pa zitseko zolakwika. Anzanu ndi ojambula zithunzi za maukwati, okongoletsa maholo, osoka madiresi a akwatibwi, ophunzitsa achinyamata kufunsira ntchito. Amenewo ndiwo amakumana ndi mwamuna wosowa chovala tsiku lisanafike. Tsatirani masamba awo, yamikirani ntchito yawo poyera, atumizireni makasitomala, nawonso adzanong'oneza dzina lanu. Bizinesi yanu imayenda ndi manong'onong'o. Ngakhale wometa wokusekaniyo mumugwire bwino, mutu uliwonse wopita ku ukwati umayamba wadutsa pampando wake.

Anthu abwerera? Ena ayi. Koma maukwati sadzatha, ndipo amuna opanda masuti ndi ambiri kuposa amene akukumbukira manyazi a mnzawo. Adzayamba ndi mmodzi, wozungulira kuseri, wofunsa mabatani. Mumugulitse mabataniwo ngati kuli kofunika, ndipo musamwetulire ngati mukudziwa chimene wadzera.

Za chipepeso chanu, bwalo lakana zonse. Mwana wa eni ake simumutcha dzina la shopu.

Chenjezo langa ndi ili, chifukwa anthu a mtundu wanu ndimawadziwa. Pofika pano mwayamba kale kulemba m'mutu chipepeso chokongola choti muike pa Fesibuku, chokhala ndi mayina a onse amene munawalakwira, kuti dziko lione kudzichepetsa kwanu. Mukangoyerekeza, mwawavula kachiwiri, ndipo shopuyo mudzaitseka ndi manja anu. Kuyambira lero, mukaona suti yanu pa chithunzi cha munthu, musalembe kanthu, musadine kanthu, pitirirani ngati mwaona maliro a kwina.

Ndipo mukayang'anitsitsa chithunzi changa pamwamba pa ndime ino, n'kuona ngati jekete imene ndavalayo mukuidziwa, ndi kufanana chabe.

Aphungu