Bala Linapola, Mutu Sunabwerere

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti tilipo.

Munafunsa za ang'ono anu. Bala la m'mutu lija, atagwa pamakwerero akupenta nyumba, linapola ndipo tsitsi linamera. Vuto lagona pomwepo, chifukwa aliyense akuona munthu wabwinobwino. Adokotala anati ubongo unavulala ndipo umachira pang'onopang'ono. Ndafotokoza mpaka malovu kuuma, koma akumva ndani? Abwana awo akuti ndi ulesi, poti amaiwala khoma lomwe apenta kale. Oyandikana nafe akuti ayamba mowa, poti amayenda dzandidzandi. Ngakhale amayi akuti, "Mwana wanga alibe vuto, ndiwe ukumusasatitsa."

Lachiwiri ndinawapeza pamphambano atanyamula buledi, akulira chifukwa njira yakunyumba inawasokonekera. Anthu ankangoseka.

Dzulo wailesi inawasokosera, anakwiya. Za mbale zosweka sindikudandaula. Za mkono wangawu tidzakambirana pamaso.

Chonde aimbireni amayi muwafotokozere, inu amakumverani. Ndipo mubwere mudzawaone nokha, musakhulupirire foni. Pafoni amamveka ngati kale.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a mapasa